Mpando wa Edmond

Honorine Vasseur anatchuka mu Paris ali ndi zaka makumi atatu chifukwa cha mpando umodzi, wa miyendo yowonda ndi msana wopindika ngati khosi la tsekwe. Anthu achuma anaukonda zedi. Imvi zinamera akujambulabe mpando womwewo, n'kumangosintha chikopa ndi mtundu wa thabwa. Kampani yake anaigulitsa kalekale pamodzi ndi dzina lake, moti akanachoka pantchitoyo sakanaloledwa kulemba "Vasseur" ngakhale pa kampando ka kukhitchini.

Mwamuna wake, Edmond, atafa ziwalo mbali imodzi, kudzuka pampando kunasanduka nkhondo. Honorine anajambula mpando wina wamtali, wolimba, wa mikono yotakata yoti munthu aziyedzamirapo podzuka. Anapereka pepalalo kwa Gaspard, kalipentala amene anayamba naye ntchito onse akadali achinyamata.

"Iwe Honorine, wayamba liti kujambula mipando yoti anthu azikhalapo?" anaseka Gaspard.

"Panga basi. Pakamwa pakopo sipayamika."

Anaupanga masabata atatu. Tsiku lopaka vanishi, mkulu wa kampaniyo, bambo Lemoine, analowa mopalira matabwa ndi mayi wina wolemera amene ankafuna kuona mmene mipando yake ikupangidwira. Mayiyo anaima pafupi ndi mpando wa Edmond.

"Uwu ndi watsopano? Ndikufuna isanu ndi umodzi."

Mlendoyo atachoka, Honorine anati, "Bwana, uwu si wamalonda. Ndi wa amuna anga."

"Mayi Vasseur, chilichonse chopangidwa muno ndi cha kampani, mukudziwa bwino. Koma ndi wokongola. Tingoufupikitsa, mikonoyi tiisonge. Pakali pano ukuoneka wa kuchipatala."

"Mikonoyo ndiyo ntchito yake. Munthu wofooka adzuka bwanji?"

"Makasitomala athu safooka, mayi," anatero akumwetulira.

Honorine anafuna kuvula epuloni n'kutuluka. Anayang'ana amisiri khumi ndi anayi amene ankanamizira kupala matabwa, onse odya chifukwa cha dzina lake. Anafunsa ngati angaugule yekha monga unalili. Bambo Lemoine anati chinthu chosavomerezeka sichituluka pakhomo, chingaipitse mbiri.

Lolemba Gaspard anadula miyendo ya mpandowo n'kusonga mikono ija. Anaukuta ndi chikopa choyera. Honorine anaukhalapo kuti auyese, ndipo podzuka anachita kugwira phewa la Gaspard. Kenako anatenga chidindo chamoto n'kudinda dzina lake kunsi kwake.

Kunyumba anapeza Edmond ali pawindo, pomwe anamusiya namwino masana.

"Mpando wanga uja wafika pati?" anafunsa lilime likulemera.

"Sunathe."

"Gaspard wakalamba, eti?"

"Wakalamba."

Honorine anavula jekete, n'kulowetsa mikono m'khwapa mwa mwamuna wake. Anawerenga limodzi mpaka katatu. Ulendo woyamba analephera, onse n'kugwera mmbuyo, Edmond akuseka. Wachiwiri anaimirira, ndipo anapita kukadya supu.