Injini ya Yakobe

Injini inali lende panthambi ya mango pamene anyamata anayi a malaya ofiira analowa pabwalo. Martha sanawapatse mpando. Manja ake onse anali pachingwe chachikulu chogula kudoko, chimene anachizunguliza kawiri pathunthu la mtengowo. Ntchito yake inali kuchimasula pang'onopang'ono mwamuna wake Yakobe akalamula.

Pansi pa injiniyo panali galimoto ya Landirova imene Yakobe anaigula itatheratu kwa mzungu wa kumunda wa tiyi. Miyezi isanu anakhalira pansi pake. Anachotsa injini ya petulo imene inkatsokomola pachitunda chilichonse, napeza ya dizilo kuchokera mu lole ina yogubuduzika. Giyaboksi anali atamanga kale, difu yakumbuyo atasintha, mashafiti ataika onenepa. Nkhata Bay yonse inkadziwa kuti galimotoyo ikadzalira, palibe matope amene adzaiimitse.

Mackford, wapampando wa achinyamata a chipani, ankadziwanso.

"Ada Yakobe, tulukani kunsiko. Mawa m'mawa galimotoyi tikuifuna."

Yakobe anatuluka chokwawa, akupukuta girisi. "Mawa? Simukuiona injini ili m'mwamba ngati mleme?"

"Itsitseni."

"Kutsitsa ndi lero. Koma kuilumikiza ku giyaboksi, kalachi, mapaipi, ndi masiku anayi. Ulendo wa kuti?"

"Kuphiri. Okana makadi a chipani aja abisala kumeneko. Galimoto yathu yabwerera panjira kawiri chifukwa cha matope."

Martha anayang'ana chingwe. Kuphiriko kunali Dolly, mng'ono wake, ndi ana atatu. Anathawira kumeneko anyamata omwewa atawatenthera nyumba ku Chikale.

"Mwina masiku asanu," anatero Yakobe.

Mackford anaseka. "Asanu tsopano! Kuti mlamu wako ayambe wamanga katundu?" Anatola sipanala yaikulu pansi n'kumumenya nayo pakamwa. Yakobe anagwada. Anyamata aja anamuunjirira ndi nsapato, m'nthiti, m'mimba, kumsana. Wina anamupondetsa dzanja pamwala.

"Lamanzere, iwe! Lamanja lisiye, agwirira ntchito," anatero Mackford.

Sipanala inatsika kawiri. Zala zinalira ngati nkhuni zouma.

Martha sanakuwe. Akanasiya chingwe kuti akaleretse, injini ikanagwa pachabe. Anthu a nyumba zoyandikana anali atalowetsa kale ana awo.

"Dzuka, uitsitse," anatero Mackford. Yakobe sanadzuke. Ankalavula magazi, maso atatembenuka.

"Mwamupitirira muyeso, agalu inu. Chabwino, ndiikamo ndekha. Inenso ndinayendapo pa lole." Anavula malaya ake ofiira, nawapinda bwinobwino, n'kukwera pabampala. "Ama, tsitsani. Pang'onopang'ono."

Martha anamasula. Injini inatsika mpaka pakamwa pa boneti, ikuzungulira. Yakobe akamaika injini ankaiwongola ndi mtengo ataima pambali, ndipo ngakhale chala sankachiika kunsi kwake. Mackford anawerama, nalowetsa mikono yonse iwiri pansi pa injiniyo kufunafuna mabowo a mabawuti.

"Tsitsaninso. Mwagona kodi, mayi?"

Martha anachotsa chingwe pathunthu. Sanatambasule manja. Anachilola kuti chithamange m'zikhatho mwake, chikusenda khungu, kuti adzakhale ndi choonetsa.

Chitsulo chinagunda chitsulo. Galimoto yonse inagwedezeka. Mackford anakuwa mawu amene anamveka mpaka kudoko, nkhope yake itakanikizidwa painjini, miyendo ikupalasa m'mwamba. Pansi pa galimoto panayamba kudontha oilo wakuda, kenaka magazi.

"Chandipulumuka!" anatero Martha, akukweza manja ofiira.

Mnyamata mmodzi anamumenya chibakera chapakamwa, wina namukoka tsitsi mpaka pansi. Anamuponda kufikira Mackford atakuwa kuti amusiye, akoke chingwe. Anakoka atatu, osachizunguliza pamtengo. Injini inakwera pang'ono, inawalemera, n'kugweranso pomwepo. Apo Mackford anasiya kukuwa.

Anamuchotsa ndi amtengatenga a kudoko, ndi mitengo ya bulugamu. Mkono wamanja anakaudula kuchipatala. Injini inali itang'ambika pansi, ndipo pakamwa pa giyaboksi panasweka zidutswa zitatu.

Kupolisi anamufunsa Martha masiku awiri. Yankho lake linali limodzi: iye ndi mkazi, injini ndi yolemera. Wapolisi wa ku Dedza anamutembenuza zikhatho, naziyang'ana nthawi yaitali, n'kulemba.

Tsiku lachitatu Felistus, mwana wamkulu wa Martha, anabweretsa kondowole, nsima ya chinangwa, ndi usipa. Anakhala pansi kuseri kwa waya, mlonda ali chiimire pambali.

"Adada ayamba kumwa phala," anatero. "Ndipo nkhuku zanu zija munkadandaula, zinayi zija, make ndi anapiye atatu, zachoka pachisa. Zapita kutali."

"Zonse?"

"Zonse, ama."

Martha anatema kondowole ndi nsonga za zala. Anatafunira kumanzere, kumene kunatsala mano.