Pijo ya Aphunzitsi

1.
Njerwa pansi, nkhuku pamwamba. Ku Kasiya aliyense amaidziwa: Pijo, galimoto ya aphunzitsi Kaliza, bambo anga. Inakwera pa njerwa chaka chimene maso awo anachita khungu, ine ndili kamtsikana. Bambo anatisiya chaka chatha. Iyo ikadali m'shedi.

2.
Tsiku losudzula amayi, wolankhula anali a Zefaniya, akulu awo a malemu, munthu amene mawu ake amafika iye asanafike.

Alamu, takumasulani. Tengani zanu mubwerere kwanu ku Dowa.

Zanga zili m'shedimo, anatero amayi.

Chiphapha chija? Ndi cha m'bale wathu. Okhoma mbaula abwera Loweruka kudzachidula. Koma poti mwachikonda, chikatuluka pano ndi miyendo yake, tengani.

Anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi ndi zitenje. Ine Ndaona ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Mwamva nonse? anafunsa amayi.

3.
Kale. Bwalo la mpira, sukulu itaweruka. M'Pijo muli awiri, mwamuna ndi mkazi wake, ukwati ukadali wanthete. Wina akuphunzitsa, wina thukuta lili kamukamu.

Osathamangira kiyi. Mverani kaye.

Ndimvere chiyani, chitsulo?

Chitsulo chomwecho. Chimalankhula, koma sichibwereza.

4.
Zimene tinatulutsa Lachitatu:
chisa cha makoswe, eni ake ali momwemo
petulo wakale wonunkha ngati vanishi
oyilo wakuda bii
mapaipi ouma, othetheka m'manja
chipewa cha bambo, pansi pa mpando wa dalaivala

Chipewacho amayi anachikutumula n'kuchiika pa mpando winawo.

5.
Ine Nachisale sindinachite manyazi kugona chagada pansi pa galimoto pa mudzi wa eni, chitenje nditamanga ngati wopita kudambo, apongozi akudutsa akuyang'ana kumbali, ndinamasula mapulagi onse ndi kudontheza oyilo m'mabowo mwake kuti alowerere, chifukwa injini yogona zaka zonsezi ili ngati bondo la nkhalamba, ukalidzidzimutsa limathyoka, ndipo kutacha ndinaika sipanala kutsogolo n'kukoka pang'ono pang'ono, inakana, ndinaisiya, ndinabwerako masana, inakananso, ndipo dzuwa litapendeka inavomera, inazungulira m'manja mwangamu, ndipo ndinatuluka pansipo nkhope ili mbuu ndili wonyada ngati tsiku limene ndinabereka Ndaona

6.
Lachisanu a Zefaniya anabwera kudzaonerera. Ataona batire tabwereka kuchigayo, dzanja linawayabwa.

Akazi inu mumachedwetsa zinthu. Tembenuzani kiyi, tione maliro ake.

Anatambasula dzanja. Amayi analigwira pa mkono, mwaulemu, koma osalisiya.

Osathamangira kiyi, alamu.

Mawu a mng'ono wanga amenewo, anatero a Zefaniya. Anakuphunzitsani bwino, si zonama.

Amayi anangoti, mabuleki kaye.

7.
Mabuleki. Madzi. Mpweya m'matayala obwereka.

Ponda, Ndaona. Siya. Pondanso.

Mwendo wanga unachita dzanzi. Ndinkaganiza kuti amayi anga ndimawadziwa: a Chigwirizano, ophika zitumbuwa, oopa achule. Manja awa sindinkawadziwa.

8.
Kale. Bwalo lomwe lija. Pijo yadumpha ngati mbuzi n'kuzima.

Ndalephera. Anthu adzandiseka.

Sadzakusekani ndilipo. Yambaninso.

9.
Loweruka. Okhoma mbaula afika ndi nyundo zawo, akhala pa mthunzi. Mudzi wonse wabwera, ngakhale amene samabwera kumaliro.

Amayi anazungulitsa kaye injini asanabwezere mapulagi, mpaka kanyali ka oyilo kanazima. Anabwezera mapulagi. Anathira petulo pang'ono pakhosi pake. Anandiimika pambali ndi chidebe cha mchenga, kuchitira moto. Anasamba m'manja, anasintha duku, anakhala pa chiwongolero ngati munthu wofika pakhomo pake.

Kiyi.

Inatsokomola.

Chete.

A Zefaniya anayamba kutsegula pakamwa.

Kiyi.

Utsi, nthenga, nkhuku kubalalika, ana kuthawira m'chimanga, ndipo pansi pa phokoso lonselo mawu aja ndinawamva komaliza ndili pa miyendo ya bambo, osalala, osathamanga. Amayi sanaponde moto. Anatchera khutu, kumvetsera. Ine ndinalira osabisa.

Lowa, Ndaona. Nyamula chipewa cha bambo ako.

Inatuluka pa mpanda ndi miyendo yake. A Zefaniya anavula chipewa chawo. Sindikudziwa ngati ankavulira mng'ono wawo kapena galimoto.

10.
Pa mlatho wa kunja kwa mudzi amayi anaima. Palibe chinavuta. Injini inkangong'ung'udza.

Apa ndi pamene tinkasinthana, anatero.

Kusinthana chiyani, amayi?

Mipando. Ine ndinakulira m'galaja ya agogo ako ku Mponela. Pijoyi ndinasankha ndine, ndipo kuchokera ku Lilongwe mpaka pa mlatho pano ndinkayendetsa ndine. Bambo ako ndinawaphunzitsa pa bwalo la mpira, koma msewu waukulu ankauopa ngati njoka. Tikafika pano ankavala chipewa, n'kulowa m'mudzi mwawo dzanja limodzi lili pa windo, abale awo akululutira.

Nanga maso atafa? Bwenzi mukuwayendetsa inu.

Ndikanalowa nawo m'mudzi ndili pa chiwongolero, mudzi wonse ukanadziwa. Anandipempha? Ayi. Njerwa zija ndinaika ndine.

Anayang'ana chipewa chili pa miyendo yanga. Anachiwongola pang'ono, kuti chiyang'ane kutsogolo.

Aphunzitsi, khalani bwino pamenepo, anatero. Lero sitisinthana.

Analowetsa giya.