Piritsi Losinjidwa m'Tiyi

Telala wina wamkazi ankalowetsa ulusi m'singano atagwiriza chikope ndi chala, chifukwa pofika masana chikopecho chinkagwa chokha. Matenda ake anali a minofu: uthenga wochokera m'mitsempha unkafika wofooka. Mapiritsi ankathandiza kuti uthengawo uzimveka, ndipo achipatala anali atamupatsa tsiku lomuchotsa kachiwalo ka m'chifuwa kamene kankakolezera matendawo.

Tsikulo litafika, opaleshoni inalephereka.

Dokotala wogonetsa odwala, mayi wosazungulira polankhula, anaona malovu akungotuluka, masaya akunjenjemera, n'kufunsa kuti akumwa mapiritsi angati. Telala anati amamwa monga anamuuzira achipatala. Mwamuna wake anayang'ana pansi, kenako anaulula kuti m'mawa uliwonse ankasinja piritsi lina n'kuthira m'tiyi. Mkazi akufooka iye akuona, akanangokhala manja lende?

Dokotala anawafotokozera kuti mnofu uli ndi timakomo tolandirira uthenga. Tikamagogodedwa mosalekeza timagontha, munthu n'kufooka kuposa kale. Pa opaleshoni amabaya mankhwala otseka timakomo tomweto kuti thupi lilobodoke, ndipo pa timakomo togontha palibe angadziwe kuti mankhwalawo agwira bwanji kapena asiya liti.

"Kukugonetsani ndingathe, mayi, koma sindingalonjeze kuti mudzayambanso kupuma panokha. Tikupatsani tsiku lina. Mukaliphonyanso, odikira ndi ambiri."

Anamugoneka m'wodi mpaka malovu ataleka. Kunyumba mwamuna anapepesa, analumbira, anachapa ngakhale makatani amene sanade. Telala anabwerera pamakina ake, akupumira pakati pa msoko uliwonse, madiresi a eni ake ataunjikana pampando.

M'mawa wina tiyi anamuwawa kukhosi. Anapita kukhitchini, natembenuza supuni imene inali pasinki. Kumsana kwa supuniyo kunali ufa woyera.

"Ndi theka lokha, mayi a mwana," anatero mwamunayo atayima pakhomo. "Dzulo munalephera kunyamula ketulo."

"Munaliko pamene dokotala ankalankhula, bambo. Kapena nanunso munagontha?"

Mwamuna anati madokotala amamuona kamphindi chabe, iye ndiye amamumva akutsamwa ndi madzi akumwa. Anali kunena zoona, ndipo ndi zimene zinamupsetsa mtima telala. Akanakhala munthu woipa, akanangomukalipira. Uyu mawa adzasinjanso, misozi ili m'maso.

Telala anakhuthulira tiyi musinki, naimbira foni mkulu wake kuti amukonzere pogona mpaka opaleshoni itachitika. Anaika m'chikwama zovala, mapiritsi onse ndi kapu yake. Zipi inamukanika kukoka. Mwamuna anatambasula dzanja, iye anakana, n'kuikoka ndi manja awiri mpaka inatseka.