Chipanda cha Akazi a kwa Palmira

Mabanja ena amasiyirana ng'ombe, ena njinga. Ife akazi a kwa Palmira tinkasiyirana chipanda. Chinali chakuda ndi mwaye, chachikulu choti kuchinyamula umafunika manja onse awiri, chotseka ndi chitsononkho kenako n'kumata phula la njuchi. M'kati munkakhala mbewu ya mapira ofiira yosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asaiboole. Lamulo lake linali limodzi, ndipo mwana wamkazi aliyense ankalimva asanadziwe n'kusinja komwe: chipanda chimatsekulidwa mvula yoyamba ikagwa, chimadzazidwanso pokolola. Womatula phula nthawi isanakwane sadzaona mapira akucha chaka chimenecho.

Ine ndine Deolinda, mwana wa Eugénia, mdzukulu wa Palmira. Chipanda chimenechi ndinkadana nacho kuyambira ndili wamng'ono, ndipo sindibisa.

Agogo a Palmira ndi amene anabwera nacho ku Mongue kuchokera kwawo ku Molumbo, atachibereka kumbuyo ngati khanda. Anaswa mphanje m'mbali mwa khwawa, munda womwe pambuyo pake unadyetsa mibadwo itatu. Ndinawapeza ali okalamba, afupi, osaseka, zala zawo zitapindikira m'kati ngati za nkhuku yophika. Zala zimenezo zinali ndi mbiri yake. Masiku a Apwitikizi aliyense ankakakamizidwa kulima thonje, ndipo agogo anabzala mapira awo pakati pa mizere ya thonjelo. Kapitawo ataona anakanena. Asipayi, apolisi a Apwitikiziwo, anawakokera ku boma n'kuwamenya ndi mbalamatodya, thabwa lija lazibowo, mpaka zikhatho zinaphulika magazi n'kudontha m'zigongono. Chaka chotsatira manja asanagwire khasu, agogo anabzala mapira omwewo pamalo omwewo, akuboola mapando ndi chidendene.

Nkhani imeneyo anthu ankaikonda, ankaifotokoza pamowa. Imene sankaifotokoza ndi ya Afonso. Chaka cha njala yaikulu, amayi anga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mlongo wawo wamng'ono Afonso anatupa miyendo n'kumwalira pamphasa, chipanda chodzaza mapira chili lende kudenga pamwamba pake penipeni. Agogo sanachikhudze. Amayi ndi amene ankamuingitsira ntchentche mpaka anasiya kupuma. Ndinamva zimenezi kwa anthu ena, chifukwa amayi sankatchula dzina la Afonso ngakhale pa Misa ya akufa.

Ufulu unabwera ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Tinavina mpaka fumbi linatseka dzuwa, tikukuwa "viva" ngakhale pa zinthu zomwe sitinazimve. Agogo anamwalira chaka chomwecho, chipanda n'kupita kwa amayi, ndipo amayi anasanduka agogo amene: kuuma mtima komweko, kukamwa kotseka komweko. Ine ndinakwatiwa ndi Julião, mnyamata wa ku Milange wodziwa kulemba, amene anabwera kudzakhala chikamwini kwathu. Amayi ankati amagwira khasu ngati akuopa kulipweteka.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi anabwera amilisiya, asilikali a boma latsopano, kudzatisamutsira ku aldeya, mudzi watsopano wa nyumba za m'mizere kufupi ndi msewu, ulendo wa maola awiri kuchoka kumunda kwathu. Bambo anga a Cipriano anangofunsa funso limodzi.

"Nanga mbalame zikamadya mapira kuno, ife tili uko, aziingitsa ndani, kamarada?"

Anawamanga manja kumbuyo ndi chingwe chonyowa, zigongono mpaka kugundana, n'kuwagoneka padzuwa. Chingwe chikamauma chinkalowa m'mnofu. Anawakwapula ndi chamboko ife tikuona, kenako anayatsa nyumba zathu kuti tisabwererenso. Denga likuyaka amayi analowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti akukatenga bulangeti kapena chikalata cha ubatizo. Anatuluka tsitsi likufuka utsi, atakumbatira chipanda, ndipo anadutsa pomwe panagona amuna awo osawayang'ana. Manja a bambo sanagwirenso ntchito. Anamwalira ku aldeya chaka chotsatira, tikuwadyetsa ngati mwana.

Ku aldeya ndi kumene kunabadwira Laurinda, mwana wanga mmodzi yekha. Julião anapatsidwa ntchito yolemba mayina a anthu olima m'munda wa onse, ndipo ankanyada nayo, cholembera chili m'thumba la malaya ngakhale popita kuchimbudzi. Cholembera chimenecho ndi chomwe chinamuphetsa.

Anthu a m'tchire, zigawenga zomwe zinkamenyana ndi boma, anafika m'mwezi wa Ogasiti, 1986, m'mawa akazi tikuchokera kumadzi. Anatisonkhanitsa pabwalo n'kufunsa kuti sekeretariyu, mlembi wa mudzi, ndani. Palibe anayankha, koma mmodzi wa iwo anaona cholembera chija. Sanawononge chipolopolo. Anamugoneka Julião chafufumimba, mutu pamwala woperera, n'kutenga munsi wa mayi wina amene anausiya mumtondo. Anamenya katatu. Anatilamula kuti tilulutire, ndipo tinalulutira, ine ndemwe, mfuti itandiloza pachifuwa, Laurinda ali kumbuyo kwanga. Kenako anatenga zomwe akanatha kusenza, n'kuyatsa nkhokwe zonse ndi nyumba zomwe. Anthu anabalalika, aliyense kolowera kwake. Ife atatu tinathawira kuphiri, amayi ali patsogolo ndi chipanda chawo.

Tinakhala m'phanga milungu isanu. Poyamba tinkadya mpama, chilazi cha m'tchire, ndi masamba aliwonse osawawa kwambiri. Mpama umafuna kuuwiritsa ndi kuutaya madzi kangapo, ndipo ngakhale utero, mimba ya mwana wa zaka zitatu siulandira. Laurinda anayamba kutsekula m'mimba. Tsitsi lake linafiira, mapazi n'kutupa moti ukadina ndi chala pankatsala dzenje. Anasiya kulira. Ankangondiyang'ana, ntchentche zikuyenda m'mbali mwa maso ake, ndipo mkono umodzi wokha kuchoka pamutu pake panali mapira okwana kumudyetsa phala milungu iwiri kapena itatu.

Tsiku lina masana amayi atapita kokatola nkhuni ndinatenga mpeni. Ndinali nditangouika paphula pomwe chikuni chinanditera padzanja. Sindinawamve akubwera. Anamenyanso kachiwiri, chala changa chapakati n'kuthyoka ngati phesi louma, ndipo anandikankha ndi phazi mpaka ndinakagunda mwala.

"Usadzayerekezenso," anatero, akupuma movutikira. "Dzanja lako lisadzakhudze phula limeneli mvula isanagwe. Wamva iwe?"

"Amama, mwanayu akufa."

"Ndili ndi maso."

"Muli ndi maso ngati omwe munaonera Afonso?"

Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo ndinakondwa. Ndinawauza kuti ndi mfiti ngati amayi awo, kuti akazi a kwathu amabereka ana kuti azidyetsa chipanda, kuti Laurinda akafa ndidzachiswa pamutu pawo. Anandigwira dzanja lija. Anang'amba kansalu kumpendero wa chitenje chawo, n'kundimanga chala chija pakamtengo mwamphamvu moti ndinakuwa.

M'mawa mwake anatsika phiri, chipanda atachibereka kumbuyo. "Sindingachisiye ndi mbava," anatero osandiyang'ana. Anabwera dzuwa litapendeka ndi kamfundo pakona ya nsalu. Munali mapira odzaza dzanja limodzi, otuwa ndi phulusa.

"Ndatola pomwe panali nkhokwe za ku aldeya," anatero. "Pansi pa phulusa sizinapse zonse. Pera, usangondiyang'ana ngati ng'ombe."

Ndinapera ndi dzanja lamanzere. Phala lake linali lotuwa, lomveka phulusa m'kamwa ngakhale nditatsuka mapirawo kawiri, koma Laurinda anameza. Tsiku lotsatira amayi anatsikanso, ndi linzakelo, tsiku lililonse chipanda kumbuyo, tsiku lililonse kamfundo kamodzi. Iwo sankalawako. Nditawauza kuti tsiku lina ndipite ine, anati ndi dzanja limodzi ndikangowatayira nthawi. Sindinakakamire, chifukwa sindinkafuna kukaona mwala woperera uja. Patatha milungu iwiri mapazi a Laurinda anaphwa. Anayambanso kulira, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kumeneko. Koma amayi sindinawakhululukire. Ndinkati mumtima: munthu wololera kukafukula phulusa pakati pa mfuti kusiyana ndi kutsekula chipanda chake, mutu wake suli bwino.

Tsiku lina amayi anabwera chimanjamanja n'kunena kuti zotola zatha, tinyamuke tipite ku Malawi. Tinayenda masiku atatu modzera m'tchire, kupewa msewu wa ku Milange. Tsiku lachitatu chakumasana, tikutsikira pakamtsinje kena, tinamva mawu a amuna ndi kulira kwa zitsulo kutsogolo kwathu. Pobisala panali pamodzi pokha, bango la m'mbali mwa madzi, koma mapazi athu anali ataonekera kale pamchenga. Amayi anamasula chipanda n'kundipatsa, koyamba m'moyo wanga.

"Lowa umo. Mtseke pakamwa mwanayo. Ichi usatsekule mvula isanagwe."

Ngakhale pamenepo, chipanda. Sanati tsala bwino, sanamugwire Laurinda kumutu. Anabwerera pamchenga paja n'kupondaponda pomwe tinaponda ife, kenako anakhala pansi n'kuyamba kutsuka mapazi ngati munthu amene alibe kopita.

Amunawo anali asanu, onse a mfuti. Anawafunsa amayi kuti anzawo ali kuti.

"Ndili ndekha, ana anga. Anzanga munamaliza kale."

Wina anawamenya ndi thako la mfuti pakamwa, mano n'kugwera m'madzi. Anafunsanso. Amayi analavula magazi n'kunena zomwezo. Anawadula khutu, anafunsanso. Ndinkaona zonse kudzera m'mipata ya bango, dzanja langa lothyoka lili pakamwa pa Laurinda, ndikukanikiza mpaka ndinaopa kuti ndimupha ndine. Amayi sanatembenukire kumene tinali ngakhale kamodzi. Pomaliza wamng'ono pa onsewo anawabaya ndi mpeni wa kumfuti pansi pa nthiti, kawiri, ndipo anthuwo anamwa madzi kumtunda kwa mtembo n'kumapita.

Ndinawakwirira ndi mchenga ndi bango, ndi dzanja limodzi. Chipanda ndinafuna kuchisiya pomwepo. Ndinachinyamula chifukwa choopa, osati chifukwa chochikonda, ndipo njira yonse mpaka kuwoloka mtsinje wa Muloza kulowa m'Malawi chinkandilemera pamutu ngati tchimo la munthu wina.

Kutsidya anatilemba mayina, kutipatsa ufa ndi nandolo. Mayi wina wa kumudzi wapafupi, amene ndinkamupalira m'dimba, anandibwereka kachigawo ka munda kuseri kwa khola lake. Ndinalima mizere khumi ndi iwiri. Ndinaganiza kuti ndibzale mapirawo kamodzi, ndione chomwe chinali chokoma mwa iwo choposa Afonso, choposa manja a bambo, choposa chala changa.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala. M'mawa mwake ndinayala chitenje pamzere, Laurinda atanjuta pambali panga akudya chinangwa. Phula linamatuka mosavuta, ndipo ndinaona kuti linali lodinidwadinidwa ndi zala, ngati lomwe lafewetsedwa pamoto kambirimbiri. Ndinazula chitsononkho n'kupendeketsa chipanda.

Munatuluka mchenga. Mchenga woyera wonyezimira, wa m'khwawa la pansi pa phiri lija, komwe tinkatunga madzi. Ndinakhuthula wonse, ndinagogoda kumbuyo, ndinapisa zala. Munalibe njere ngakhale imodzi.

Ndinakhala pansi pamzerepo. Kukoma kwa phulusa kuja kunabwerera m'kamwa mwanga. Ku aldeya kunali ulendo wa tsiku lathunthu kuchoka kuphanga, ndipo mayi wokalamba wanjala ankapita ndi kubwera dzuwa lisanalowe, ine osadabwa. Ankangotsikira kukhwawa, kumatula phula, kutapa dzanja limodzi, kuthiramo mchenga dzanja limodzi kuti kulemera kusasinthe. Anandithyola chala kuti lamulo lija lisagwere ine. Womatula phula sadzaona mapira akucha, ndipo iwo anasankha kuti womatulayo akhale ndani. Ine ndinawatcha mfiti, ndipo mawu amenewo sindinawabweze mpaka pamchenga paja.

Ndinalira mokweza moti mwini munda anabwera akuthamanga, poganiza kuti ndalumidwa ndi njoka. Laurinda ankangosewera ndi mchengawo, akuuthira m'zala za kumapazi kwake.

M'mizere khumi ndi iwiri ija ndinabzalamo chimanga cha chithandizo. Mapira ofiira a Palmira anathera m'mimba mwa mwana wanga, ndipo nditabwerera ku Mongue nkhondo itatha ndinafunsa mudzi ndi mudzi, palibe amene anatsala nawo. Mchenga uja ndinaubwezera m'chipanda tsiku lomwelo, wonse, ndi kumatanso phula. Laurinda atakula anandifunsa chifukwa chake sitichitsekula mvula ikagwa, pomwe anthu amati kwathu ndiwo unali mwambo. Ndinamukhazika pansi, ndinamuonetsa chala changa chokhota, n'kuyambira pa Afonso.