Mbalame Imene M'buku Mulibe

Long Shengmei ankajambula maluwa ndi mbalame pansalu ndi phula lotentha, kenako n'kuiviika mu utoto wa masamba mpaka buluu wake atada bii. Nsalu imodzi inkamudyera miyezi iwiri. Tsiku limene akuluakulu a zachikhalidwe anafika kumudzi kwawo ku Guizhou kudzamupatsa satifiketi yoti ndiye wosunga luso la makolo, anapha nkhumba, mudzi wonse unadya.

Satifiketiyo inabwera ndi malamulo ake. Nsalu zake zonse anazitola zithunzi n'kuziika m'buku la boma. Shengmei mwiniwakeyo anamusamutsira kumsewu watsopano wa alendo, kusitolo ya mlamu wake Wu Defa, amene anali atagula kale makina osindikiza maluwa omwewo pa tizikwama ndi mapilo. Ntchito ya Shengmei inali kukhala pakhomo atavala zaukwati tsiku lililonse, alendo azimutola zithunzi. Mbiya za utoto anaziletsa, ati fungo likuthawitsa makasitomala.

Patapita miyezi, buluu wa utoto amene anali atakhazikika m'manja mwake anatha. Defa anabwera ndi botolo la inki ya kufakitale, akuti azidzola m'mawa uliwonse.

"Alendo amabwerera manjawo, alamu, osati nkhopeyo. Nkhope zamakwinya ali nazo kwawo."

Ankadzola. Khungu linayamba kung'ambika pakati pa zala, koma ankadzolabe.

Chaka chachitatu kunabwera uthenga woti aliyense wojambula nsalu aonetse ntchito yake kwa oyendera. Shengmei anabwerera kumudzi, anatsitsimutsa mbiya imodzi ya utoto, n'kugwira ntchito nyengo yonse yokolola mpunga. Pakati pa nsaluyo anaika mbalame imene inkatera padenga la malemu mayi ake, khosi litapindikira kumbuyo.

Woyenderayo, mayi wa magalasi, anatsegula buku la boma lija tsamba ndi tsamba, n'kunena kuti mbalameyi mulibe. Shengmei anafotokoza kuti mkazi aliyense amawonjezerapo yake, kuyambira kalekale. Mayiyo anamwetulira mwaulemu, n'kulemba kuti ntchitoyi yapatuka pa mwambo. Nsalu imene anabweretsa mwana wamkazi wa Defa, yochokera m'makina, inafanana ndi bukulo mzere uliwonse. Satifiketi inapita kwa mwana wa Defayo.

Defa anatenga nsalu yokanidwayo, ati akaisunga bwino. Mwezi wotsatira mbalame ija inali pa matisheti odzaza makatoni. Shengmei anaiona ali m'chipinda chakuseri, kumene tsopano ankagwira ntchito yolongedza katundu. Anaima ndi tisheti imodzi m'manja. Kapitawo anamuuza kuti afulumire chifukwa lole ikudikira, ndiponso asamakhudze pachithunzipo, utoto wake suchedwa kufufutika.