Dzanja la Wamanzere pansi pa boneti

Mkazi wa makaniki anadandaula za hita ya galimoto yake mpaka malovu kuuma m'kamwa. Iye anali namwino, ndipo ankanyamuka mbandakucha. Miyezi yozizira itafika ankafika kuchipatala zala zitauma gwa, moti ngakhale jakisoni ankamugwira movutikira. Mwamuna wake, amene mumsewu wawo onse ankangomutcha Sipanala, anali ndi yankho limodzi: "Ndiona mawa, mayi a mwana." Koma mawa la makaniki limafika msanga pa galimoto za eni okha. Yapakhomo imadikira.

Lamlungu lina masana, atatopa ndi kung'ung'udza kwa mkazi wake, Sipanala anatsegula boneti. Analiza injini n'kuisiya kuti itenthe. Anatembenuzira kabatani ka hita kofiira, fani n'kuiika pamapeto. Mphepo inkatuluka ndithu, yamphamvu, koma yozizira ngati ya mufiriji, ndiye kuti fani inalibe mlandu. Geji inakwera mpaka pakati n'kuima pomwepo, kusonyeza kuti injini ikutentha bwino. Madzi a mu radiyeta analinso odzaza. Chotsala chinali mapaipi awiri amene amatenga madzi otentha ku injini kukalowa kuseri kwa dashibodi, kumene kuli karadiyeta kakang'ono kotenthetsa mphepo. Paipi imodzi ikatentha inzake ili yozizira, karadiyetako katsekeka ndi dzimbiri. Onse akatentha, vuto limakhala kachitseko kosakaniza mphepo. Sipanala anapisa dzanja akuimba mluzu, poti ntchito yotere ankaiona ngati yamasewera.

Mluzu unathera pakati. Mapaipi aja sankalowa n'komwe kuseri kwa dashibodi. Wina anawachotsa n'kuwalumikiza okhaokha ndi kachitsulo kopindika, madzi otentha n'kumangozungulira kunja, ndipo timilomo ta karadiyeta anatitseka bwinobwino ndi labala. Anawerama kuti aonetsetse makilampu omanga mapaipiwo. Mitu ya masikulu ake inayang'ana mbali imene munthu wogwira sikuludilaiva ndi dzanja lamanja akanathyoka mkono kuti afikeko.

Ntchito imeneyo Sipanala ankaidziwa monga udziwira mayendedwe a m'bale wako ali patali. Anali Wamanzere. Anaphunzira naye ntchito limodzi, anatsegula naye galaja imodzi, mpaka zinaoneka kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, aliyense n'kupita kwake. Ndipo Wamanzere yemweyo ndi amene anayamba kumufunsira namwinoyu, kale asanakwatiwe, n'kukanidwa. Nsanje inamugwira Sipanala. Chomupweteka kwambiri chinali chakuti ntchitoyo inali yaukhondo, yopanda pena podontha, yogwiridwa ndi munthu wosafulumira.

"Mayi a mwana! Tabwerani kuno."

Mkazi wake anatuluka akupukuta m'manja.

"Ndani wakhala akulowa mu boneti muno?"

Anasuzumira, kenaka n'kumuyang'ana m'maso. "A Wamanzere."

"Ndipo mukuyankha osachita n'komwe manyazi! Liti?"

"Nthawi yotentha ija. Madzi anayamba kundithirira kumapazi ndili pamsewu, nthunzi thoo m'galimoto monse. Ndinakuimbirani, inu munati mukumaliza lole ya kasitomala, mukubwera. Ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Iwo amadutsa, anaima."

"Amadutsa! Misewu yonseyi, iye n'kudutsa pomwepo? Nanga bwanji osandiuza?"

"Ndinakuuzani madzulo omwewo, bambo a mwana, inu maso ali pa foni, munangoti zili bwino. Chichitikireni zimenezo mvula yagwa mpaka yatha. Mukanatsegulako boneti imeneyi ngakhale kamodzi, bwenzi mutaona kale."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Sipanala mawuwo sanawamve. M'mutu mwake munali chithunzi chimodzi: Wamanzere ataweramira mu injini, mkazi wake ataima pambali atamugwirira zitsulo, mwina akuseka nthabwala zake zosakoma zija. Anatenga sikuludilaiva n'kuyamba kumasula makilampu, akupinda mkono movutikira, zomwe zinangomuwonjezera ukali.

"Anati musabwezeretse mapaipiwo musanasinthe karadiyetako," anatero mkazi wake.

"Anati! Anati! Pakhomo pano makaniki ndi ndani?"

Kachitsulo kopindika kaja anakaika pamwala n'kukaphwanya ndi hamala mpaka kuphwatalala, makilampu n'kuwaponya kuseri kwa mpanda. Anabwezera mapaipi m'malo mwake, anamanga ndi makilampu akeake oyang'ana kumanja, anawonjezera madzi, n'kulizanso injini. Posakhalitsa mphepo yofunda inayamba kutuluka. Sipanala anamukoka mkazi wake kuti akhale pampando amve yekha.

"Imeneyo ndi ntchito ya mwamuna wanu," anatero, chifuwa patsogolo.

Asanamalize kunyada, kafungo kotsekemera kanadzaza m'galimoto. Galasi lakutsogolo linachita nthunzi, ndipo madzi otentha anayamba kuchucha pansi pa dashibodi. Mkazi wake anakweza mapazi mwachangu, anatsika, n'kulowa m'nyumba. Akanamunyoza bwenzi zili bwinoko.

Munthu wanzeru akanafuna kachitsulo kena n'kulumikizanso mapaipi monga analili. Koma kuteroko kunali kuvomera kuti Wamanzere ananena zoona, ndipo Sipanala akanalola kumwa madzi a batire kusiyana ndi zimenezo. Anaganiza zochotsa karadiyeta kobookako tsiku lomwelo. Kuti ukafike umayenera kugwetsa dashibodi yonse, ndipo dzuwa limalowa chiwongolero chili pampando, wailesi ili pakhonde, mawaya ali lendelende. Karadiyeta anakatulutsa ndithu, kali ndi mng'alu woti sungamatike. Masitolo a zitsulo anali otseka mpaka Lolemba.

M'mawa kukadali mdima anamva mkazi wake akulankhula pa foni kukhitchini, motsitsa mawu koma mosabisa.

"Mumaimbira ndani?"

"Odwala akundidikira, bambo a mwana, ndipo basi nthawi ino kulibe. Ndaimbira amene amayankha."

Hutala inalira pageti. Sipanala anatuluka ndi kabudula wogonera, chisanu chikumuluma m'miyendo. Wamanzere anatsitsa galasi pang'ono, anayang'ana dashibodi ili pakhonde, n'kupukusa mutu mwachifundo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Eee, ntchito mwaiyamba yaikulu. Mukafuna dzanja mundiuze, musavutike nokha."

Sipanala anangoima pageti pomwepo. Mkazi wake anamudutsa, anatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala. Galimoto isananyamuke anamuona kudzera pagalasi akumasula mpango m'khosi, akuvula jekete n'kuiponya kumpando wakumbuyo. Anatambasula zala zake pamphepo yofunda n'kutsinzina. Wamanzere ananena kenakake, ndipo mkaziyo anaseka mpaka kuweramira kutsogolo.