Chala cha Sombari

Zaka makumi awiri ndakhala kalaliki pa esiteti yathu ya tiyi kuno ku Sylhet, ndipo makalata ochotsa anthu ntchito ndalemba osawerengeka. Koma ya Sombari Munda, abale inu, ndikaikumbukira thupi limachita tsembwe.

Sombari, mayi wothyola tiyi, adasowa tsiku limene mtsinje udasefukira. Anthu adangotola dengu lake lokha. Kwathu kuno wantchito akamwalira, mwana wake amalowa m'malo mwake, nyumba ya esiteti n'kukhalabe yawo. Koma wojomba masiku khumi osatsanzika amayesedwa wothawa ntchito, ndipo banja lake limatulutsidwa. Bwana Talukdar, manijala wathu, nyumbayo ankaifunira mlamu wa dalaivala wawo.

"Bwana, amayi adapita ndi madzi," adadandaula Rupni, mwana wamkazi wa Sombari.

"Mtembo uli kuti? Mwina akudya nsomba kwa chibwenzi kutsidyako. Babu, lembani kuti wathawa!"

Babu wake ndine, ndi mmene amaitanira kalaliki kuno. Zidandinyansa. Ndidangowakumbutsa lamulo: munthu sachotsedwa asanalemberedwe kalata yomuitana kuti adzadziyankhire.

Kalatayo ndidakaikhoma ndekha pachitseko chawo. M'mawa mwake ndidaipeza pa tebulo langa, mu ofesi yomwe kiyi wake amagona m'thumba mwanga. Inali yonyowa, ikununkha matope. Pamalo osaina wolandira panali podinda chala, ndipo pakati pa chidindocho padadutsa kamzere koyera, chipsera cha mpeni wosadzira tiyi. Chala cha Sombari chimenecho ndachidinditsa zaka zonsezi, ndingachisowe ine?

"Mwaona? Ali moyo!" adasekerera bwana. "Akapanda kubwera Lachitatu, basi kwatha."

Lachitatu masana dzuwa lidaswa mtengo. Tidakhala atatu: bwana, ine ndi Rupni, moyang'anizana ndi mpando wa woimbidwa mlandu. Ndidaitana dzina katatu monga timachitira. Nditaitana kachitatu, mpando uja udalira ngati wakhalidwa. Pansi pake madzi adayamba kudontha, tho, tho, tho.

Bwana adasuzumira pansi pa mpandowo. Poti funso linali lolembedwa kale, adaliwerengabe: "Sombari Munda, chifukwa chiyani sukubwera kuntchito?"

Asanatseke pakamwa, kapitawo wa othyola tiyi adalowa ali wefuwefu. "Bwana, mtembo wa Sombari wayandama! Pompano, pa mlatho wa kufakitale!"

Tidathamangira komweko. Nkhope sindinena, madzi adali ataimaliza. Koma chala chachikulu cha kumanja chinali ndi inki yofiirira ngati ya pa tebulo langa, yosasuluka ngakhale pang'ono.

Bwana adangotembenuka n'kumapita. Ine ndidabwerera ku ofesi, ndidafufuta mawu oti wathawa, n'kulemba dzina la Rupni pamzere wa mayi ake.

Pomudinditsa chala, ndidangoti maso pa inki yofiirira ija. Iye adangopukuta misozi ndi nsonga ya sari, nsalu yomwe adavala.

"Musadabwe, Babu," adatero. "Amayi chiyambire ntchito, ofesi ikawaitana sankalephera kubwera."